Makina oonera madzi patali abwere ku Salima, koma tidziwe chimene tikugula

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga pa nkhani ya makina amene amathandiza ogwira ntchito za madzi kuona ndi kuyendetsa mapampu, matanki ndi mapaipi iwo ali patali. Nthawi yakwana yoti tauni ngati yathu ya Salima ikhale ndi makina otere amakono, koma ndikuopa kuti tikapanda kukambirana nkhaniyi poyera ndalama zisanatuluke, tidzagula zinthu zodula zimene pakatha zaka ziwiri zidzangokhala zokongoletsa ofesi. Ine ndinapuma pa ntchito, ndipo zaka zanga zambiri ndinazithera m'nyumba ya mapampu pa sikimu ina ya madzi kuno kunyanja, imene sindiitchula dzina chifukwa cholinga changa si kuloza munthu chala.

M'masiku athu, kuti udziwe kuchuluka kwa madzi m'thanki unkakwera makwerero utaluma tochi, n'kutsegula chivindikiro, n'kuona pamene madzi alekezera, kenako n'kutsika kukalemba m'buku. Thanki yathu inali pachitunda, ndipo pampu ina imene inkaidyetsa inali pa chitsime chakutali, ulendo wa pafupifupi ola lathunthu pa njinga yakapalasa. Usiku wina m'mwezi wa Novembala, nyengo imene kutentha kwa kuno kumagonetsa anthu pakhonde, magetsi anathima cha m'ma 10 koloko n'kuyakanso patangopita mphindi zochepa. Mapampu amene ndinali nawo pafupi ndinawadzutsa ndekha, koma ya kuchitsime ija inakhala chete, pakuti chotetezera chake chinali chitadula moto monga chinapangidwira, ndipo chinkadikira munthu woti adine batani. Ine ndinkamva kulira kwa mamota anga, mtima uli m'malo, osadziwa kuti thanki ikutsika usiku wonse. Ndinazindikira mbandakucha nditaona amayi ataima pageti ndi ndowa zopanda kanthu, ena ana ali kumsana, akufunsa mwaulemu woopsa uja kuti, "Kodi bambo, lero tisambe chiyani?" Kudina batanilo sikunanditengere ngakhale mphindi imodzi, koma kudzazanso thanki ndi kutulutsa mpweya umene unali utalowa m'mapaipi kunatenga tsiku lathunthu, ndipo a kumtunda anaona madzi mawa lakelo.

Vuto ngati limeneli ndi limene makina amene akatswiri amawatchula kuti SCADA amathetsa. Kagwiridwe kake ka ntchito si kovuta kumvetsa. Pa thanki amaikapo kachipangizo koyeza pamene madzi afika, pa paipi amaikapo mita yoyeza madzi odutsa ndi kena koyeza mphamvu imene madziwo akukankhira, ndipo pa pampu amaikapo choonetsa ngati ikuyenda, yaima, kapena yatentha. Zonsezi zimalumikizidwa ku kabokosi kokhala ndi kakompyuta kakang'ono, kamene kamatumiza manambala ku ofesi kudzera pa wailesi kapena pa netiweki ya mafoni. Munthu amene ali pa ntchito amaona pa kompyuta chithunzi cha sikimu yonse, chinthu chikalakwika makinawo amaliza belu kapena kutumiza uthenga pa foni yake, ndipo ngati anapangidwa motero angathe kudzutsa pampu kapena kutseka valavu, chotsekera madzi m'paipi, ali pampando. Phindu lina, limene ambiri saliganizira, n'lakuti makinawo amasunga mbiri ya ola lililonse, choncho munthu angabwerere m'mbuyo n'kuona kuti vuto linayamba liti.

Mbiri imeneyi ndi imene imaulula madzi otayika. Dothi lambiri la m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, ndi lamchenga, ndipo paipi ikaphulika pansi pa mchenga madzi amangolowa pansi osaonekera pamwamba, mwina kwa miyezi, mpaka wina adabwe ndi udzu wobiriwira pakati pa chilimwe. Njira yodziwira ndi kuyang'ana mita ya dera lonse pakati pa usiku, cha m'ma 2 koloko mpaka 4 koloko, anthu atagona ndipo mipopi itatsekedwa. Ngati madzi akuthamangabe m'paipi nthawi imeneyo, ndiye kuti akuthawira kwinakwake. Aliyense angawerengere yekha: bowo lotaya lita imodzi pa sekondi limataya malita 86,400 pa tsiku, amene ndi zigubu 4,320 za malita 20. Madzi amenewo anapopedwa ndi magetsi olipira, anathiridwa mankhwala ogula ndi ndalama zakunja, ndipo mtengo wake umabwerera kwa ife tonse pa bilu. Mlonda mmodzi wokhala ndi tochi ndi buku sangayendere mamita onse a tauni pa ola limodzi la usiku, pamene makina amachita zimenezi tsiku ndi tsiku popanda kuwodzera.

Palinso nkhani ya umoyo, imene kwa ine imaposa ya ndalama. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kunyanja monga Salima ndi Nkhotakota sanasiyidwe. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti madzi akamafika kwa womwa akhale adakali ndi klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita. Klorini amachepa madzi akamayenda mtunda wautali ndiponso akamakhalitsa m'thanki yotentha, choncho madzi amene anachoka bwinobwino kumalo oyeretsera angafike ku kiyosiki yakumapeto alibe chitetezo. Choopsa china n'chakuti paipi ikauma imayamwa madzi akuda kudzera m'ming'alu yake, makamaka pamene yadutsa m'ngalande kapena pafupi ndi zimbudzi, ndipo madzi akabwerera, oyamba kutuluka pampopi amakhala atatenga zonyansazo. Anthu akasowa madzi a pampopi amathamangira kunyanja, ku mtsinje wa Linthipe kapena ku zitsime zosatetezedwa. Makina amene angachenjeze msanga kuti mphamvu ya madzi yatsika kapena kuti klorini wachepa ndi othandiza achipatala, ngakhale amakhala m'nyumba ya mapampu.

Koma walira mvula walira matope. Chakumapeto kwa ntchito yanga anatiikira kachipangizo koyeza madzi m'thanki ija, ndipo kwa miyezi ingapo tinkanyadira kuti makwerero tasiyana nawo. Mvula yoyamba itagwa ndi ziphaliwali zake, kachipangizoko kanapsa, koma nambala ya pa galasi siinazime. Inangoima pamene inali, kusonyeza kuti thanki ndi yodzaza. Tinakhulupirira nambalayo masiku awiri. Titazindikira, tinauzidwa kuti china cholowa m'malo chiyenera kuchokera kunja, kuti amene anaika makinawo anamaliza kontirakiti yake, ndiponso kuti ndalama zoitanitsira sizinali mu bajeti ya chaka chimenecho. Ndinabwereranso pamakwerero ndi tochi yanga, ndipo kabokosi kaja kanasanduka nyumba ya mavu. Chimene ndinatolapo n'chakuti chipangizo chakufa chimene chikuoneka ngati chamoyo n'choopsa kuposa kusakhala nacho, motero makina alionse amene angagulidwe ayenera kudziulula okha akasiya kulandira uthenga, ndipo manambala ake azifananizidwa ndi zimene maso a munthu aona pa nthawi yoikika.

Amene adzalembe zofunika pa makinawa ayenera kukhala anthu odziwa nyengo ya kuno. Kabokosi kachitsulo koima padzuwa la Okutobala kamatentha moti sungakagwire, ndipo mabatire ndi zipangizo zamagetsi sizikhalitsa m'kutentha kotero. Nyerere, abuluzi ndi mavu amalowa paliponse pamene pali kampata. Mphepo ya mwera ikavundula nyanja, zipangizo zoyeza ukhondo wa madzi zimafuna kupukutidwa kawirikawiri, apo ayi zimayamba kunama. Ziphaliwali zimafuna zotetezera ndi waya wolowa pansi woikidwa mwaluso. Kuwonjezera apo pali akuba, amene amaona sola ndi batire ya pa thanki yakutchire ngati mphatso. Zinthu zimenezi n'zazing'ono pozitchula, koma ndi zimene zimapha makina ambiri, ndipo zikapanda kulembedwa m'mapepala a tenda, wogulitsa sadzaziika mwa kufuna kwake.

Za magetsi ndiye sitingazizembe. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira kuthimathima kumene kunatsatira. Ngakhale kuno tili ndi malo aakulu opangira magetsi a dzuwa ku Nanjoka, a mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, magetsi akewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, choncho sitinganene kuti nyumba zathu za mapampu n'zotetezeka. Nthawi imene magetsi athima ndi imene woyang'anira amafunitsitsa kudziwa kuti m'matanki mwatsala madzi a maola angati, kuti aone dera loyenera kutsekeredwa ndi loyenera kusungiridwa, monga kumene kuli chipatala ndi sukulu zogonera komweko. Makina amene amazima pamodzi ndi magetsi amatisiya pa nthawi yeniyeni imene tikuwafuna. Kabokosi kalikonse kakhale ndi batire ndi sola yakeyake, ndipo kathe kusunga manambala netiweki ikasowa, n'kuwatumiza ikabwerera. Ndiwonjezere kanthu kooneka kopepuka: makadi a foni a m'mabokosiwa amafuna kulipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo payenera kukhala munthu wodziwika ndi dzina amene udindo umenewu ndi wake.

Tsopano ndifike pa mfundo imene yandichititsa kulemba kalatayi, ya umwini wa makinawo. Akuluakulu anati khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Kampani ikaika makina n'kupita ndi nambala zachinsinsi, mapulogalamu a m'mabokosi ndi mapu a mawaya, ndiye kuti tauni yalipira khasu limene likadali la mwini wake. Kusintha kanthu kakang'ono, monga mlingo umene pampu iyenera kuyambira, kudzafuna kuitana munthu wa kunja ndi kumulipira ndalama zakunja zimene dziko lathu likuzisowa kale. Pempho langa kwa amene amasainira makontirakiti ndi lakuti ndalama zomaliza zisaperekedwe mpaka mainjiniya athu atalandira m'manja nambala zonse zachinsinsi, makope a mapulogalamu, zojambula zonse ndi zipangizo zapadera zosungira m'nyumba ya katundu. Makinawo azilankhula chinenero chodziwika kwa opanga ambiri, monga Modbus kapena DNP3, kuti chipangizo cha kampani ina chikafa tithe kuikapo cha kampani ina. Afunsenso kuti pulogalamu ya pa kompyuta yaikuluyo idzathandizidwa zaka zingati, pakuti tinaona kampani ya Microsoft ikusiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo makina ambiri padziko anatsala akuyenda pa pulogalamu yopanda woikonza.

Nkhani ya nambala zachinsinsi ikukhudzanso chitetezo. Makina amene angathe kuzimitsa pampu ali patali angathenso kumvera munthu wolakwika. M'chaka cha 2000, ku Maroochy m'dziko la Australia, munthu amene anagwirapo ntchito ku kampani yoika makina otere, atakanidwa ntchito ku khonsolo, anagwiritsa ntchito wailesi ndi kompyuta kusokoneza mapampu, ndipo malita pafupifupi 800,000 a zonyansa za m'zimbudzi anatayikira m'mitsinje ndi m'malo opumulirako anthu. Mu Novembala 2023, ku Aliquippa m'chigawo cha Pennsylvania ku America, anthu ena analowerera kudzera pa intaneti kabokosi koyendetsa malo ena opopera madzi, ndipo akuluakulu a zachitetezo kumeneko anachenjeza kuti mabokosi a mtundu umenewo amabwera ndi nambala yachinsinsi ya kufakitale, 1111, imene iyenera kusinthidwa. Wina anganene kuti ndani angavutike ndi tauni yaing'ono ngati Salima, koma mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowereredwa, ndipo tonse tinaona mmene anthu anavutikira. Kompyuta yoyendetsa mapampu isamagwiritsidwe ntchito yotsegulira Facebook kapena kutchajira mafoni, wogwira ntchito aliyense akhale ndi nambala yakeyake kuti zidziwike amene anadina chiyani, ndipo munthu akachoka pa ntchito nambala yake ifafanizidwe tsiku lomwelo.

Chimene chinapulumutsa anthu a ku Aliquippa n'chakuti ogwira ntchito anazimitsa makinawo n'kuyamba kuyendetsa mapampu ndi manja. Apa ndi pamene ndikuchonderera kuti kubwera kwa makompyuta kusakhale chifukwa chochotsera alonda a mapampu ndi mapulambala. Pampu iliyonse ikhalebe ndi switchi yoyendetsera pamanja, ndipo achinyamata olembedwa ntchito aphunzitsidwe kuyendetsa sikimu yonse kompyuta itazima, monga woyendetsa boti amayenera kudziwa kupalasa. Munthu amene wakhala ndi pampu zaka khumi amamva ndi khutu kuti beringi yayamba kutha, ndipo amadziwa valavu imene inakwiririka pansi pa msewu, imene sipezeka pa mapu alionse. Anthu otere afunsidwe makina asanaikidwe. Tilinso ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Salima Technical College pafupi pompano, komanso masukulu a ukachenjede a MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo, ndipo n'zomveka kuti ana athu ophunzira zamagetsi ndi zamakompyuta akhale nawo pamene makinawa akuikidwa, kuti luso lokonza litsale konkuno.

Kusintha kuchoka pa njira yakale kuchitike pang'onopang'ono, malo amodzi pa nthawi, buku lakale likulembedwabe mpaka manambala a makina atsimikizike kuti ndi oona. Ntchitoyi isagwiridwe m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene madzi amafunika kwambiri ndipo kulakwitsa kulikonse kumaumitsa mipopi. Ndingakondenso kuti ayambe ndi kuona asanathamangire kuyendetsa: milingo ya matanki, kuyenda kwa mapampu ndi mamita a madera ziyambe, ndipo mavalavu odzitsekera okha, amene ndi odula ndi ovuta kukonza, abwere pambuyo anthu atazolowera.

Komabe belu likalira pa kompyuta paipi siidzimanga yokha. Ngati pulambala alibe njinga yamoto, ngati njingayo ilibe mafuta, ngati m'nyumba ya katundu mulibe zolumikizira mapaipi, ndiye kuti makinawo angotithandiza kudziwa msanga vuto limene tidzalikonzebe mochedwa. Bajeti ya ntchitoyi iyenera kukhala ndi ndalama zoyendetsera za chaka ndi chaka, ndipo pakhale lamulo lolembedwa lonena amene ayenera kudzuka belu likalira usiku, ndi nthawi imene ayenera kukhala atafika pamalopo. Mabelu asachulukenso, chifukwa foni imene imalira pa kanthu kalikonse munthu amaizolowera n'kuyamba kuigoneka chafufumimba.

Anthu ambiri akamva za makina atsopano a madzi amaganiza za mamita olipiriratu, ndipo amayamba kudandaula za mabilu. Ziwirizi n'zosiyana, ndipo n'kofunika kuti oyang'anira madzi afotokoze bwino kusiyana kwake pa misonkhano ya makhansala, ya mafumu ndi pa wailesi za m'dera. Mita yolipiriratu imayang'ana kasitomala, pamene makina amene ndikunenawa amayang'ana wopereka madzi mwiniwake. Pachifukwa chimenechi zimene makinawa aona zisathere mu ofesi. Ngati kompyuta yaonetsa 9 koloko usiku kuti thanki idzauma mbandakucha, uthenga upite pa mafoni a anthu ndi kwa ogulitsa madzi m'makiyosiki usiku womwewo, kuti mayi wa ku Kamuzu Road kapena ku Kaphatenga atungiretu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo palibe chifukwa chobisira anthu maola amene dera lililonse linalandira madzi pa mwezi, makina akakhala kuti akusunga kale manambalawo.

Lamulo la 1995 limene mabungwe asanu a madzi m'dziko muno amayendera linawapatsa udindo wopereka madzi m'mizinda ndi m'matauni, ndipo matauni amenewo akula kwambiri kuyambira nthawi imeneyo. Kuno ku Salima tikuonanso ntchito yaikulu yotenga madzi a m'nyanja kupita nawo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, kukwera mamita oposa 500. Paipi yotere singayende popanda makina oonera ndi kuyendetsera patali, ndipo akatswiri a makinawo adzakhala akudutsa pakhomo pathu. Zidzakhala zomvetsa chisoni ngati madzi opita ku likulu adzayang'aniridwa sekondi iliyonse pamene thanki ya tauni imene madziwo akuchokera ikuyezedwabe ndi tochi. Ndikupempha aphungu athu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala kuti afunse ngati makina a tauni angakonzedwe m'njira yoti adzathe kulankhulana ndi a paipi yaikuluyo, ndiponso kuti mapepala a tenda akadzatuluka, awerenge tsamba lonena za maphunziro a ogwira ntchito, zipangizo zapadera ndi nambala zachinsinsi asanayang'ane tsamba la mtengo. Ngati adzafune munthu wowasonyeza pamene mapaipi akale anadutsa, tilipo angapo amene tikadali ndi mphamvu zoyenda, ndipo mabuku athu ena tinawasunga.

Mlonda wakale wa mapampu,
Salima